Mfundo Ziwiri pa Chingwe cha Medson

"Bwerani mukaone nokha khomalo, musamangomva za m'kamwa mwanga," anatero mayi Tusekele ataima pageti pa mayi Salama ku Kawale, chitenje chili matope okhaokha. "Mvula imeneyi inali chizimalupsa chabe. Nanga ikabwera mwini wakeyo, ine ndi adzukulu anga tizikagona m'nyumba kapena m'dziwe?"

Medson anali chagada pansi pa thirakitala pakona pa mpanda, sipanala ili m'manja. Bawuti imene ankamanga inali yothina kale, koma anapitiriza kuigwiragwira, poti kutuluka pansipo kunali kukumana ndi nkhope ziwiri zimene sankafuna kuziona m'mawa umenewo.

Thirakitalayo inali ya mayi Salama, anawasiyira ndi amuna awo, malemu a Idi. Kumunda sinkapitako kawirikawiri. Ntchito yake inali ya m'tauni momwemu: kusalaza maploti ku Chigwirizano, kukonza timisewu ta m'makomboni anthu akasonkherana, kukumba ngalande mvula isanayambe. Kumbuyo kwake, pa mikono itatu yachitsulo, ankamangirirapo chimpeni chachitali chopalira dothi. Woyendetsa kuyambira nthawi ya malemuyo anali Medson yemweyu, ndipo imvi zonse za m'mutu mwake zinamera ali pampando umenewo.

Sabata yathayo anamuitana anthu a kanjira kena ka ku Chinsapo. Kanjirako n'kopapatiza, kotsetsereka, ndipo kamakathera m'dambo, moti thirakitala imapala chotsika basi, potuluka imabwerera chambuyo. Kumanzere kuli mpanda wa chigayo womangidwa ndi simenti, kumanja kuli nyumba za zidina, ndipo yomalizira kumunsi ndi ya mayi Tusekele. Anapangana kuti ngalande idutse kumanzere. Koma kuti mpeni upendekere kumene ukufuna, woyendetsa amayenera kutsika, kugwada kuseri kwa tayala, n'kupukusa ndi manja chitsulo cha mazinga chimene chimakweza ndi kutsitsa mkono wa kumanja. Akayenda pang'ono, atsikenso, apukusenso. Tsiku limenelo Medson anatsika kangapo ali kumtunda, koma pofika kumunsi sanatsikenso. Mpeni unapala mmene unafunira, ndipo madzi, amene sakhala nawo pa misonkhano ya anthu, anangotsata pamene panatsika.

Tisamunamizire, ulesi analibe. Linali bondo. Bondo la kumanzere linayamba kutupa nyengo yozizira, ndipo pofika pano kutsika pa thirakitala kunali ngati wina akumukhoma msomali. Amene ankadziwa anali mkazi wake Jemima yekha. Chomwe chinkamuwawa kwambiri Medson ali pansi pa thirakitala paja n'chakuti tsiku la ntchitoyo mayi Tusekele omwewa anamubweretsera tiyi ndi chinangwa chophika, n'kumupatsira pampando pomwepo, uku akuuza anzawo kuti, "Bambo awa ndiye olimbikira, satsika n'komwe."

Mlendo uja atapita, mayi Salama anaima pafupi ndi tayala.

"A Medson, tatulukani pansipo. Mwamva?"

Anatuluka chokwawa, nadzuka atagwira tayala ngati akuliyesa mpweya. "Ndamva, mayi. Ndikakonza."

"Kale simunkandibweretsera madandaulo pageti. Masiku ano uyu akuti mwachedwa, uyo akuti mwasiya pokwera. Chavuta n'chiyani?"

"Mazinga a chitsulo chopukusa chija atha, chikumalimba," anayankha Medson. Linali bodza lokhala ndi kachoonadi mkati, mtundu wa bodza umene umakhalitsa.

Pakhonde panali Anwar, mlongo wawo wa mayi Salama, bambo wa ana atatu amene ankayendetsa minibasi ya Chilinde mpaka abwana ake ataigulitsa. Chiyambire pamenepo ankangoswera pakhondepo ndi foni. Anadzuka, nawaonetsa alongo ake kakanema.

"Nkhani yake ndi iyi, alongo. Silinda. Mumachotsa chopukusacho n'kuikapo iyi, imakankhidwa ndi mafuta a thirakitala omwewo. Munthu ali pampando amangogwira kandodo, mpeni wapendekera uku, wagwiranso, wapendekera uko. Zotsikatsika palibe." Kenaka anaseka. "Chimenechi ngakhale ine ndikhoza kukumba nacho ngalande."

Mayi Salama sanaseke nawo. Anamuyang'ana mlongo wawoyo kuchokera kumutu mpaka kumapazi, monga amachitira telala asanadule nsalu. Medson anakuona kuyang'anako.

"Mawa mupite ku Biwi kwa Che Swaleh, ndamva amakhala nazo," anatero mayiwo. "Mukasankhe nokha, a Medson, kandimverere anakanena za m'maluwa. Zotsalazo ndikamba nawo ine pafoni. Loweruka ngalande ija ikhale itakumbidwa, ndisamvenso dzina langa m'kamwa mwa anthu a ku Chinsapo."

Medson anayeza monga amayezera aliyense wopita kukagula nsapato za mwana amene watsala kunyumba. Anawongola mikono iwiri ya m'munsi kuti ilingane, natenga chingwe chosokera matumba, nachikoka kuchokera pa pini ya pamwamba kufika pa pini ya pansi. Pamene chinakhudza pini ya pansiyo anamanga mfundo, nachiponya m'thumba la malaya.

Madzulo kwawo ku Area 23, Jemima ankamuthowa bondo ndi kansalu ka madzi otentha.

"Ndiye si mwayi wanu umenewo, bambo a Josiah? Muzingokhala pampando ngati bwana wa mu ofesi."

"Simukumva inu. Chimene chandisunga pampando paja n'chakuti palibe amafuna kugwada m'fumbi n'kumapukusa chitsulo chotentha. Anwar anayesapo tsiku lina, anathawa ndi matuza m'manja. Silindayo ikangolowa, mpando ndi wake. Magazi ndi magazi."

"Ndiye kawauzeni za bondoli, mwina akumverani chisoni. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Ndikadzichotse ntchito ndi pakamwa panga pomwe?"

Jemima anafinya kansaluko mwamphamvu kuposa mmene pankafunikira. "Pakamwa ayi, koma bondoli lidzakuyankhulirani tsiku lina, ndipo silidzasankha malo."

M'mawa mwake, mu minibasi, mtima wa Medson unakana kukhala pansi. Anatulutsa chingwe chija, nachibweza, nachitulutsanso. Nzeru inamufikira minibasi itaima pa Kawale kudikira anthu. Mayi Salama anali munthu wosakonda kuyesa chinthu kawiri. Silinda ikanangokana kulowa pamalo pake, akanati ibwezeni, zamakonozi n'zachabechabe, tiyeni tibwerere ku chopukusa chathu. Medson anayeza chikhatho chimodzi kupyola pa mfundo ija, namanga ina. Kenaka anayamba kumasula yoyambayo. Inakana. Chingwe cha matumba chikathina chimakhala ngati chawotchereredwa. Anayesa ndi zikhadabo, anayesa ndi mano, mpaka mayi amene anakhala naye pafupi anasuntha dengu lawo n'kumuyang'ana cham'mbali.

"Madala, tasenderani uko, tikhale anayi," anatero kondakitala. Medson anabweza chingwe m'thumba chili ndi mfundo zake ziwiri.

Anafika ku Biwi dzuwa lili pamutu, napeza chitseko cha malata cha Che Swaleh chili ndi loko. Apa m'pamene anakumbukira kuti linali Lachisanu, ndipo mwini wake anali ku mzikiti. Munthu wodziwana ndi Che Swaleh zaka zonsezi n'kuiwala zimenezo, ndiye kuti mutu unalidi kwina.

Anakhala pa chitayala chakutha. Anadzuka. Anayenda mpaka kwa owotcherera mageti, nabwerera. Ponseponse zitsulo zinkalira, ogaya akugaya, okhoma mbaula akukhoma, ndipo phokoso lonselo linkakhala ngati likuchokera m'mutu mwake. Cha ku Bunda mitambo inali itayamba kuunjikana, yakuda m'munsi, ndipo kamphepo kankanyamula majumbo n'kuwasiya pa mawaya a magetsi. Anaganiza zongobwerera n'kukanena kuti silinda kulibe, koma anakumbukira kuti mayi Salama ali ndi nambala ya Che Swaleh. Anakhalanso pa chitayala chija, mwendo atautambasula.

Che Swaleh anatulukira ali mu mkanjo woyera ndi kofia, akuyenda mosafulumira. Anali wa ku Mangochi, ndipo ntchito yake inali kugula mathirakitala akufa ku maesiteti a ku Kasungu ndi Mchinji n'kuwaphwasula.

"Achimwene a Medson, mwandidikira? Nkhope imeneyo ngati mwabwera kudzandiuza zovuta."

"Kulibe zovuta, Che Swaleh. Mayi akutumizirani uthenga?"

"Andiimbira. Dikirani ndivule zoyerazi, mafuta sadziwa kuti lero ndi Juma."

Atavala ovololo, anayala thumba pansi n'kugonekapo masilinda atatu. Imodzi inali yonenepa, yonyezimira, ndipo maso a Medson anathamangira pomwepo.

"Imeneyo isiyeni, ndi ya lole yotsitsa mchenga, ingakuthyolereni mkono wa thirakitala," anatero Che Swaleh, naikankhira pambali ndi phazi. "Nkhani ili pa ziwirizi, yaifupiyi ndi yaitaliyi. Zonse zili ndi mphanda kumunsi yogwirira mkono, maenje a mapini ndi ofanana ndi anu, ndipo zonse zili ndi kabokosi aka kotseka mafuta kuti mpeni usamatsike wokha muli pakati pa ntchito. Chotsala ndi msinkhu basi. Silinda ya pamenepo imafunika yodziwa kugwada ndi kuimirira. Ikabwerera mkati ifupike kuposa muyezo wanu, ikatuluka italike kuposa muyezo wanu. Muyezowo ukhale pakati. Chingwe chili kuti?"

Medson anachipereka. Che Swaleh anachitambasula, nachiyang'ana, nayang'ananso mwini wake.

"Mfundo ziwiri. Yoona ndi iti?"

"Yakumapetoyo," anatero Medson, maso ali pa thumba. "Ndawonjezerako pang'ono, monga timachitira ndi nsapato za mwana."

"Thirakitala ya malemu Che Idi idakakula?" Che Swaleh anaseka mpaka anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Chabwino, mwini chingwe ndinu. Tikatsata yakumapetoyi, mutenga yaitaliyi."

"Ndiye ikakana kulowa, mudzailandiranso?"

"Kukana? Kulowa ilowa bwinobwino, mapini agwira, ndipo mayi aja akondwa poiona. Vuto ndi ili. Ngati muyezo weniweni ndi mfundo yoyambayi, yaitaliyi ikabwerera mkati yonse ndi pamene mpeni ungowongoka basi. Kufupika kupyola pamenepo singathe. Ndiye kumanja uzitsika mmene mukufunira, koma kumanzere ayi, ngakhale mutaupempherera. Ndipo paja chopukusa chanu chija mudzakhala mutachotsa."

Medson anayang'ana silinda yaitali ija. Iye ankayesa kuti silinda yolakwika ingokana pageti, ngati mkamwini wosafunidwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Sanaganize kuti ilowa, n'kupita naye ku Chinsapo. Anakaona kanjira kaja m'maso mwake, kopapatiza, kopanda pokhotera, thirakitala ikupala chotsika. Kumanja, kumunsi kwenikweni, nyumba ya zidina. Mpeni wodziwa kutsika kumanja kokha ukanangozamitsa khwawa lomwe lija, ndipo madzi saiwala khwawa. Anakumbukira kapu ya tiyi ikukwezedwa m'mwamba ndi manja awiri kuti imufike pampando.

Cha ku Bunda kunagunda pang'ono, motalikira. Owotcherera anayamba kukokera mawaya awo m'kati.

Anachita mantha, mantha enieni a munthu wamkulu amene sadziwa ntchito ina iliyonse. Anaganiza za Jemima, za m'mawa wa Lolemba wopanda kopita, za Anwar atakhala pampando umene unatenga kale maonekedwe a thupi lake. Chala chake chinayenda pa chingwe, chinafika pa mfundo yakumapeto, chinaima, kenaka chinabwerera.

"Yezani iyi," anatero, atatsina mfundo yoyamba.

Che Swaleh anagoneka chingwe pa silinda yaifupi ija. Mfundo inagwera pakati penipeni pa kutuluka ndi kubwerera kwake.

"Ngati anaumbira inu. Nanga nsapato za mwana zija?"

"Mwanayo anakula kale, Che Swaleh."

Che Swaleh anamuyang'ana kanthawi, ndipo ngati anaona china chake pankhope ya mnzakeyo, anachisunga mumtima. Anangoti abwera m'mawa ndi mapaipi ake kudzamanga.

Loweruka kunacha kwa mitambo, kotentha ngati m'chigayo. Che Swaleh anamanga silinda, nalumikiza mapaipi awiri kumbuyo kwa thirakitala, nataya chitsulo chopukusa chija pa mulu wa zakutha. Mayi Salama anati apita nawo ku Chinsapo akaone okha, ndipo Anwar sanadikire kuitanidwa.

Pamwamba pa kanjira kaja Medson anatsitsa mpeni, nagwira kandodo. Anangokakhudza pang'ono, ndipo kumbuyo kwake mkono wa kumanja unakwera mwakachetechete, nsonga ya kumanzere n'kuluma dothi m'mbali mwa mpanda wa chigayo. Anakakhudzanso, mpeni unawongoka. Ntchito imene inkamugwaditsa m'fumbi thukuta lili kamukamu, lero inkachitika ndi zala ziwiri. Kunena zoona, anasangalala. Anasangalala ngati munthu amene wavula nsapato yothina, ndipo chisangalalocho chinkamuwawa chifukwa ankadziwa mtengo wake.

Anapala chotsika, nabwerera chambuyo, napalanso. Dothi lochokera kumanzere analikankhira kumanja mpaka khwawa la pakhoma la mayi Tusekele linakwiririka, pakhomapo n'kukhala pokwera. Ngalande inatsika yowongoka mpaka m'dambo. Ana ankathamangira m'mbuyo, azimayi ataima m'makomo manja ali m'chiuno. Tsiku lonselo Medson sanatsike ngakhale kamodzi, ndipo ulendo uno panalibe cholakwika pa kusatsikako.

Atamaliza anabwerera chambuyo mpaka pamsewu waukulu, pamene mayi Salama ndi Anwar ankadikira pansi pa mtengo wa mango. Anazimitsa injini. Panatsala kutsika kumodzi kokha.

Bondo limene lakhala lopindika tsiku lonse likuponda kalachi silimva zonyengerera. Phazi litangogunda pansi, mwendo unapinda wokha, ndipo Medson anagwa cham'mbali m'fumbi pamaso pa onse. Mwendo wa buluku unakwera, n'kuonetsa chidutswa cha chitenje cha Jemima chimene anakulunga pa bondo lotupa ngati papaya. Anwar anathamanga, namugwira m'khwapa, namukhazika pa muzu wa mango.

Mayi Salama anayandikira, nayang'ana bondolo nthawi yaitali.

"Layamba liti?"

"Nyengo yozizira ija, mayi."

"Ndiye khoma la mayi aja linanyowa chifukwa cha limeneli, osati mazinga."

"Eya."

"Mukanandiuza, a Medson."

"Mukanatani, mayi?"

Mayi Salama anayang'ana thirakitala, nayang'ananso mlongo wawo. Sanali munthu woipa, komanso sanali wonamiza anthu kuti awasangalatse.

"Silinda yachotsa kutsika, koma kalachi imapondedwa ndi mwendo womwewo," anatero potsiriza, mawu ali pansi. "M'makomboni muno ana amangodutsa paliponse. Tsiku lina mwendo udzakana muli pamtsetse, ndiye tidzanena chiyani kwa eni mwana? Lolemba chiwongolero atenga Anwar. Inu pitani kaye kuchipatala, zinazo tidzaona."

Medson anakhala m'tauni nthawi yokwanira kudziwa tanthauzo la tidzaona. Anapisa m'thumba, natulutsa kiyi, napereka. Anwar anailandira ndi manja awiri, osaseka, ndipo pa zimenezo Medson anamuyamikira mumtima.

"Pokwera pamtunda wa Kawale usaithamangitse, imatentha," anatero Medson. "Ndipo kandodoko kamafuna zala, osati chibakera."

"Ndamva, madala. Tiyeni tikusiyeni pa siteji."

"Pitani, ndikhale kaye pang'ono."

Anaimvera thirakitala ikupita. Anali asanaimvepo kulira kwake ali pansi, ikutalikira, ndipo inkamveka ngati ya eni ake ena. Isanazimirike n'komwe, madontho akuluakulu anayamba kugwa pa masamba a mango, fumbi n'kununkhira. Siteji ya minibasi inali kumtunda. Medson anathyola kamtengo kouma, nakagwira ngati ndodo, nayamba kutsika kanjira kaja pang'onopang'ono.

Pofika kumunsi n'kuti mvula itatsegula yonse, malata akulira, malaya atamatirira kumsana. Mayi Tusekele anamuona, namukokera pakhonde, namupatsa kampando. Adzukulu awo awiri anali pakhomo, maso ali pamsewu. Madzi ofiira ankatsika kuchokera kumtunda atanyamula zinyalala ndi mabotolo, ndipo onse ankakhotera kumanzere, n'kuthamanga m'mbali mwa mpanda wa chigayo mpaka m'dambo. Pakhoma la zidina, pamene panali chizindikiro chakuda cha madzi a sabata yatha, pankangogwa a padenga okha.

"Taonani, sakundiyang'ana n'komwe," anatero mayi Tusekele akuwomba m'manja pang'onopang'ono. "Ndinakulankhulirani zambiri tsiku lija, bambo, mundikhululukire, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chaka chamawa tidzaitana inu nomwe, sitifunanso wina."

"Adzabwera wina, mayi," anayankha Medson. "Koma mudzangomuuza kuti kumanzere. Chitsulo chake chimamva."

Mayi Tusekele sanamvetse, analowa m'nyumba kukateleka tiyi. Chitenje cha pabondo chija chinali chitanyowa ndipo chinkatsetsereka. Medson anapisa m'thumba la malaya, napeza chingwe chija. Anachikulunga pa bondo kawiri, nachimanga, nakhala akuyang'ana madzi akudutsa tsidya lina la njira.